Za Liu Lakuti "Kulanga"

Mau amene ananena mphunzitsi wopuma nchito pa tsiku laciwiri la cikondwerero ca Jubile, ku Mzuzu

Mundilole ndilankhule m'Cicewa, pakuti liu limene ndadza nalo ndinaliyamwa m'cinenero cimeneco, ndipo ndiopa kuti ndikaliika m'cinenero cina lingandipulumuke.

Anzanga amene anaima pano dzulo anakuuzani za iwo amene anaumba njerwa za nyumba ino, ndi za iwo amene anasenza mitengo ya denga pamutu. Ine sindinaumbe njerwa ngakhale imodzi. Nchito yanga inali ya coko ndi bolodi, zaka zambiri, ndipo munthu wa nchito yotere akakalamba atsala ndi mau okha m'thumba. Tsono akuru okonza cikondwereroci atandipempha kuti ndinenepo kanthu, ndinati ndidzatenga liu limodzi lokha, ndilitembenuze pamaso panu monga titembenuza cinangwa pamakala, kuti tione ngati lapsa mbali zonse. Liu lace ndi ili: kulanga.

Mwezi wathawu ndinayesa kanthu. Ndinalowa m'kalasi la ana la tsiku Loweruka, ndipo nditapempha katekisi wao ndinawafunsa kuti, "Kodi kulanga nkutani?" Manja anakwera ambiri. Wina anati nkukwapula. Wina anati nkumana munthu cakudya. Wina anati nkumkumbitsa dzenje kusukulu, ndipo kamtsikana kena kanati nkutsekera munthu m'ndende. Panalibe ndi mmodzi yense wonena zina. Madzulo ace ndinapita ku Chiputula kukazonda mai ena okalamba, obadwira ku Dowa, amene maso ao anacita khungu koma mutu ukali bwino bwino, ndipo ndinawafunsa funso lomwelo. Iwo anaseka nati, "Aphunzitsi, mwacita kumera imvi osadziwa? Kulanga nkumkhazika mwana pamphasa ndi kumuuza kakhalidwe ka pakati pa anthu." Tsono taonani: liu ndi limodzi, koma ana amvamo ndodo, agogo amvamo mphasa. Cimene ndifuna tifunsane lero ndi ici, kuti ndodoyo inalowa bwanji m'liu limeneli kufikira kupitikitsamo mphasa.

Tiyambe taona abale ace a liuli, pakuti mau nao ali ndi mbumba monga anthu. Pali kulanga, pali malango, ndiwo mau amene namwali alandira kwa anamkungwi, pali cilango, pali kulangiza, ndi mlangizi, ndi malangizo, ndi cilangizo. Onsewa ngobadwa m'mimba imodzi. Koma mukawayang'ana m'manja mudzaona kuti mmodzi yekha, ndiye cilango, wagwira mkwapulo. Otsalawo adza cimanjamanja, cida cao ndi pakamwa pokha.

Umboni woposa uli m'mau amene tinena tikapsa mtima, pakuti munthu wopsa mtima sasankha mau, angoturutsa amene anagona pansi pa mtima wace. Mtsikana akadutsa pakati pa akuru alikukambirana, osawerama, osapempha njira, amai amati, "Mwana uyu ngwosalangidwa." Kodi atanthauza kuti sanakwapulidwe? Iai. Kapena anakwapulidwa dzulo lomweli. Atanthauza kuti palibe munthu anamkhazika pansi. Ndipo zindikirani kumene mubvi wa mau amenewa ulunjika: sulasa mwanayo kweni kweni, ulasa kwao. Ncifukwa cace ena aonjeza kuti, "Kodi kwanu kulibe akuru?" Manyazi a mwana wosalangidwa agwera agogo ace ndi azakhali ace, ngakhale ali kutali ndipo sanamve kanthu.

Kulanga si kuphunzitsa cabe. Ndikhoza kuphunzitsa munthu kuocha njerwa kapena kuwerengera ndarama ndisanamdziwe dzina, ndipo titatha tisiyana osakumbukana. Si kudzudzulanso ai, pakuti kudzudzula kudza m'mbuyo mwa colakwa. Kucenjeza kuloza ngozi imodzi: usapite kumtsinje, madzi adzala. Kulera kufungatira zonse, phala, nsaru ndi mankhwala. Koma kulanga kudza colakwa cisanaoneke, ndipo kuli ndi nyengo yace, ndiyo pamene munthu aima pakhomo pa msinkhu wina wa moyo. Mtsikana akatha msinkhu alangidwa. Pokwatiwa alangidwa pamodzi ndi mwamuna wace, ankhoswe ali pomwepo. Akaima mimba yoyamba nchembere zimlanganso, ndiwo mwambo wa cisamba. Ngakhale mfumu, polowa ufumu, akuru aiika m'nyumba nailanga isanaturukire kubwalo. Mfumutu! Kodi mfumu yatsopano yacimwa ciani kuti ilangidwe? Sinacimwe kanthu, sinaweruze ngakhale mlandu wa nkhuku. Ailanga cifukwa mawa idzasenza anthu, ndipo sinawasenzepo ndi kale lonse. Ndikadakhala ndi citsanzo cimodzi cokha coti ndikusiyireni, ndikadasiya cimeneci.

Nanga m'malangomo munali ciani? Zambiri zinali zazing'ono, zoti mlendo wocokera kutsidya kwa nyanja akadaziyesa zacabe. Polandira kanthu kwa mkuru landira ndi manja awiri, cinkana kali kasingano. Mkuru akakuitana usayankhire patali. Fika pafupi, mtsikana agwade, mnyamata anjute. Usaime ciriri pamene akuru akhala pansi. Pofika pakhomo pa eni unene odi, nudikire akuyankhe. Ukatha msinkhu, kucipinda kwa amako kwatha, usalowekonso. Mkuru sachulidwa dzina. Umuitane ndi dzina la mwana wace kapena ndi mfunda wace, ndipo poyamika uti, Zikomo Phiri, Zikomo Nabanda, monga kuno muti, Yewo Jere, Yewo Gondwe. Ukaona mlendo alinkudza umcingamire numlandire katundu, ndipo usamfunse za ulendo wace asanakhale pansi ndi kupuma. Pa mbale ya ndiwo usayambe ndiwe kutola nyama. Ukakomana ndi maliro panjira, patuka.

Koma wolanga sanali kungochula malamulo monga acita wowerenga cikalata ca boma. Lamulo liri lonse linali ndi cifukwa cace, ndipo cifukwaco ndico cinali malango eni eni. Agogo anga, amai ao a mai wanga, pondiuza za manja awiri anati, "Dzanja limodzi liti, wandipatsa pang'ono. Manja awiri ati, cimene wandipatsa ncolemera." Pa za odi anati, "Nyumba ya udzu iribe cobisa, tsono cobisa cace ndiwe. Ukanena odi wapatsa mwini nyumba nthawi yoti afunde nsaru." Papita zaka zoposa makumi asanu ndi limodzi, koma mpaka lero sinditha kulowa ngakhale m'sitolo yotseguka osamva liu lao m'khutu.

Ndipo amene anali kulanga sanali atate kapena amai a mwanayo kawiri kawiri. Pakati pa kholo ndi mwana wotha msinkhu pali manyazi, ndipo pali zina zimene pakamwa pa mai sipangathe kuchula. Nchitoyi inali ya agogo, amene aseka ndi mdzukulu namucha mkazi wanga kapena mwamuna wanga. Inali ya azakhali ndi amalume. Inali ya namkungwi, ndi phungu amene akhala pambali pa namwali kumthandiza kusunga zimene wamva. Atsikana anali kugona kukuka kwa agogo, anyamata kumphala kapena kugowero, ndipo malango ambiri analowa usiku, moto utazirala, popanda munthu wokweza mau. Mudzi wonse unali ndi gawo, pakuti mwana wa mnzako ngwako yemwe.

Ndisakunamizeni kuti zonse za kutsimba zinali zoyera. Kunali anamkungwi ena ankhanza, otsina ndi otukwana, olipsira pa mwana mangawa a mace. Kunali malango ena amene anakankhira kamtsikana kubanja mafupa asanakhwime, ndipo ambiri anafera pa ubereki cifukwa ca zimenezo. Dziko lathu linacita bwino pamene, caka ca 2017, linakonza malamulo ace akuru kuti munthu asalowe m'banja asanakwane zaka 18. Amene alira kuti tibwerere ku zakale zonse sanaone zakalezo ndi maso. Ine ndinaziona pang'ono, ndipo zina sindizifunanso.

Sindikananso kuti liuli linali ndi nkhope ziwiri kuyambira kale. Mwana amene anamkhazika pansi kawiri katatu, nabwereza dala cinthu comweco, anali kulawa nthyole, ndipo ici naconso anali kucicha kulanga. Koma onani m'mene zinatsatirana. Cilango cinali mcira wa malango: mutu unali kutsogola, mcira nudza pambuyo kukumbutsa zimene mutu unanena. Munthu amene sunamuuze kanthu sungamlange, ungathe kungommenya. Tsono cimene cacitika m'zaka zapitazi ncakuti mcira waduka nuyamba kuyenda wokha.

Unaduka liti? Ine ndiyesa kuti mpeni woyamba unali wa boma. Dziko lino litalowa m'manja mwa Angerezi caka ca 1891, kunadza msonkho wa nyumba, kunadza asilikari ndi cikoti, kunadza bwalo la milandu la mtundu wina, kumene woweruza sadziwa amalume ako ndipo iwe sudziwa cinenero cace. Womasulira mau poima pakati anafuna liu lonenera zimene bwana wagamula, natola kulanga. Munthu wolephera msonkho analangidwa, koma panalibe amene anayamba wamkhazika pamphasa kumuuza kumene ndarama yace ipita. Kuyambira pamenepo anthu anazolowera kumva liuli pakamwa pa mlendo wokwiya.

Akuru amene muli pano mukumbukanso za malimidwe. M'zaka zimene Bwanamkubwa Geoffrey Colby analamulira dziko lino, kuyambira 1948 kufikira 1956, boma linalimbika kuti anthu alime mizere yopingasa ndi kuunda migula yochinga madzi, kuti nthaka isakokoloke. Nzeru yace sinali yoipa. Lero tonse tilima mizere yotero popanda wotikakamiza. Koma anthu a zaulimi, amene masiku ano tiwacha alangizi, nthawi imeneyo anali kudza kumunda ndi buku lolembamo maina, ndipo wosamvera anali kulipitsidwa kapena kutsekeredwa. Anthu anada malimidwe ndi mtima wonse, ndipo cidani cimeneco cinathira nkhuni pa moto wa ndale umene unayaka caka ca 1959. Dr. Banda atalandira unduna woyang'anira nthaka ndi ulimi caka ca 1961, kukakamizako kunalekeka. Cinthu cabwino cinakanidwa zaka khumi ndi zina cifukwa anacibweretsa ndi mcira kutsogolo.

A mishoni nao analimbana nalo liuli. M'Buku Lopatulika, limene linasindikizidwa lathunthu caka ca 1922, William Murray wa ku Nkhoma atatsogolera nchito yomasulira, kulanga kupezeka ndi nkhope zonse ziwiri, ya atate wolankhula ndi mwana wace ndi ya woweruza. Ndipo buku la nzeru za Solomo analicha Miyambo, dzina limene Mcewa ali yense akalimva akumbuka kukuka kwa agogo. Komweko ku Nkhoma, ataletsa ana a Akristu kupita kucinamwali ca kumudzi, anaona bvuto limene sanaliyembekeze: atsikana a mumpingo anayamba kusekedwa kuti ngosalangidwa, ngosabvinidwa, ndipo makolo ena anali kuwatumiza kutsimba mobisa. Pamenepo anazindikira kuti sungazule cinthu cotere ndi kusiya dzenje. Caka ca 1950 cisanafike anali atakhazika mwambo wao, nasankha amai okhulupirika a mumpingo kuti agwire nchito ya anamkungwi. Mwambowo anaucha cilangizo, ndi amaiwo alangizi. Sanati cilango, ngakhale m'kabadwidwe ka mau likadakhoza kutero. Liulo linali litatengedwa kale ndi mkwapulo. Ndipo pamene John Gwengwe analemba buku lace lija la Kukula ndi Mwambo, loturuka caka ca 1965, limene ambiri a ife tinaliwerenga ndi kuliphunzitsa, cinali cizindikiro cakuti zimene kale zinali kulowa ndi khutu usiku tsopano zafunika pepala kuti zisatayike.

Mpeni wotsiriza unali m'manja mwathu, ife aphunzitsi. M'sukulu kulanga kunasanduka cibalo: kukumba dzenje la zinyalala, kuzula citsa, kuchecha udzu dzuwa liri pamutu, kutambasula dzanja kuti lilandire ndodo. Mwana amene wakhala zaka zisanu ndi zitatu akumva liuli m'njira imeneyo yokha, mudzamuuza bwanji kuti liri ndi tanthauzo lina? Caka ca 1994 dziko linalandira malamulo akuru atsopano, amene aletsa kukwapula munthu monga cilango ca bwalo la milandu kapena ca nthambi iri yonse ya boma, ndipo a unduna wa maphunziro analetsa ndodo m'sukulu. Pamenepo ndinamva makolo ambiri, ndi aphunzitsi anzanga omwe, akudandaula kuti, "Boma latiletsa kulanga ana." Mau amenewa anandiwawa, pakuti anaulula umphawi wathu. Anatilanda ndodo yokha, ife nkuona ngati atilanda zonse, cifukwa m'dzanja linalo munalibe kanthu. Palibe lamulo la dziko lino limene liletsa munthu kuyala mphasa.

Tsono tifike pa mudzi wathu uno. Mzuzu si mudzi wa makolo a munthu ali yense wa ife monga uliri lero. Unamera pa minda ya mitengo ya tung, imene inatsegulidwa kumapeto kwa zaka za m'ma 1940, ndipo anthu anadza kudzafuna nchito kucokera ku Mzimba, ku Nkhata Bay, ku Rumphi, ku Karonga, ku Chitipa, ku Kasungu ndi kupitirira. Caka ca 1985 unalandira dzina la mzinda, ndipo pa kalembera wa 2018 unapezeka ndi anthu oposa 220,000. Anthu onsewa anadza ndi makasu ao, mapoto ao ndi ana ao, koma kuka anakusiya kumudzi. Pitani ku Chibavi, ku Zolozolo, ku Mchengautuwa, mulowe m'nyumba za lendi za zipinda ziwiri: mudzapeza atate, amai ndi ana asanu. Agogo ali ku Euthini kapena ku Usisya, ndipo mdzukulu awaona pa maliro pokha. Azakhali alankhula naye pa lamya, mau owerengeka, ndarama za lamyayo zisanathe. Mai a nyumba yoyandikana aopa kunena kanthu kwa mwana wa eni, pakuti sadziwa mwambo wa kwao ndipo safuna mlandu. Kusukulu nako, cilowere maphunziro aulere caka ca 1994, pamene ana a m'sukulu zoyamba anacuruka kucoka pafupi 2 miliyoni kufika pafupi 3 miliyoni m'caka cimodzi, mphunzitsi aima pamaso pa khamu limene sangathe kulidziwa maina. Cotero mwana wa mumzinda uno akula pakati pa miyambo isanu kapena isanu ndi umodzi, Citumbuka, Citonga, Cingoni, Cinkhonde, Cicewa, osauzidwa bwino ngakhale umodzi, koma akalakwira uli wonse wa iyo alandira mbama.

Ndinena ici ndi manyazi, pakuti ndinacicita ndi dzanja langa ili. Caka ca 1974, ndiri mphunzitsi wamng'ono pa sukulu ina ya muno, munalowa m'kalasi langa mnyamata wa zaka ngati khumi, wocokera kumudzi kumene. Amace anali atamwalira, ndipo anadza kudzakhala ndi agogo ace, mai a ku Kasungu amene amuna ao anafika kuno pa nchito ya tung ija. Tsiku laciwiri ndinamuitana kutsogolo kuti andionetse sileti lace. Iye anafika nanjuta pansi pambali pa tebulo langa, maso ali pansi, napereka siletilo ndi manja awiri. Ana onse anaseka. Lamulo la sukulu linali lakuti mwana poyankha mphunzitsi aime njo, manja m'mbali, ayang'ane kutsogolo. Ndinati, "Ima!" Iye anadzuka pang'ono, koma poona kuti ine ndakhala pampando ndipo iye alikundiposa msinkhu, ananjutanso. Ana anasekanso koposa, ndipo ine, poyesa kuti alikundicita cipongwe pamaso pa kalasi, ndinamkwapula zinai.

M'mawa mwace, kukali cisanu ca mwezi wa June cimene mucidziwa, ndinapeza agogo aja atakhala pansi pa khonde la kalasi, atafunda nsaru kumutu. Sanakweze mau. Anandipatsa moni mwaulemu wonse, nafunsa za kunyumba, ndipo atatha anati, "Aphunzitsi, mwana wanena kuti mwamlanga. Ndadza kuti mundiuze malangowo, kuti nane ndizimkumbutsa kunyumba." Ndinasowa ponena. Ndinayamba kufotokoza za kuima njo, ndipo iwo anamvetsera kufikira nditatha. Pamenepo anati, "Kodi munayamba mwamuuza kuti kuno aima?" Ndinati iai. Anati, "Ine ndinamuuza kuti mkuru saimiridwa. Tsono mwana wacita zimene analangidwa. Inu simunamlange, mwangommenya." Atatero anaomba m'manja mwaulemu, nanyamuka, napita.

Ndinali nditaphunzira zaka ziwiri ku sukulu ya aphunzitsi, koma tanthauzo la liu la cinenero canga ndinaliphunzira pa khonde limenelo, kwa munthu wosadziwa kulemba dzina lace. Ndipo zindikirani kuti iwo anandilanga ine m'mawa umenewo, monga mwa tanthauzo lakale: anakhala pansi, anayamba ndi moni, sanandicititse manyazi pamaso pa ana, anandisiyira mau oti ndigone nao. Mau a akuru akoma akagonera. Awa agonera zaka makumi asanu.

Inu akatekisi, ndi inu amai a m'mabungwe a mpingo, nchito imene inali ya kuka yagwera pa inu, mufune musafune, pakuti mumzinda muno ndinu nokha amene muona ana omwewo sabata ndi sabata, zaka zingapo, ndi kuwadziwa maina ndi makomo ao. Sindikupatsani mndandanda wa zocita. Mudziwa nchito yanu kuposa ine. Koma ndipempha kuti mwana akacita cimene muciyesa mwano, muyambe mwafunsa funso la agogo aja: kodi alipo anamuuza? Ndipo ngati anauzidwa, anauzidwa ciani? Mwana wa kumudzi ayang'ana pansi polankhula ndi mkuru, ndipo ndiwo ulemu. Mwana wa sukulu za mumzinda aphunzitsidwa kuyang'ana m'maso, ndipo kwa iye ndiwonso ulemu. Onse awiri afunika munthu wowauza kuti pali makomo awiri, ndi kuti munthu wolangidwa bwino ndiye adziwa pa khomo liti agwada ndi pa khomo liti aima. Musawapatse lamulo lopanda cifukwa cace. Ana a masiku ano afunsa "cifukwa ninji" kuposa ife, ndipo ine sindiyesa kumeneko mwano. Agogo anga anali kundipatsa cifukwa ndisanafunse.

Pali cinthu cinanso colemera, cimene malango akale sanacisamale kokwanira, ndipo ife tiyenera kucionjeza. Tinaphunzitsa ana, makamaka atsikana, kuti mkuru sakanidwa: akakuitana thamanga, akakutuma pita, akalankhula khala cete. Pamudzi pamene mkuru ali yense anali mbale, ndipo maso a anthu anali ponse ponse, ngozi yace inali yocepa, ngakhale inalipo. Mumzinda muno mkuru woitana mwana akhoza kukhala mwini nyumba ya lendi, kapena mlendo wa pa galimoto, kapena, ndinene poyera, munthu wa udindo kusukulu ngakhale mumpingo. Ana ambiri aonongeka cifukwa anali aulemu, ndipo atabwera kunyumba sananene kanthu cifukwa tinawauza kuti za akuru sizinenedwa. Ngati malango athu apanga mwana wosadziwa kukana, tamsulira mpeni womupha. Mwana auzidwe kuti alipo mau akuti iai amene sali mwano. Kuti akhoza kugwada popereka madzi kwa mlendo, koma osalowa naye m'nyumba yekha. Kuti mkuru amene amuuza "usakanene kwanu" wataya ukuru wace pomwepo. Zimenezi sizilowa ndi ndodo. Mwana amene amaopa dzanja lanu sadzakuuzani za dzanja la wina.

Ndipo wolanga naye aziyang'anidwa. Namkungwi sanali kudziika yekha; mudzi unali kumsankha utaona khomo lace, ndi m'mene alankhulira ndi mwamuna wace, ndi m'mene asungira cinsinsi. Ana aona zonse. Bambo amene alalatira mkazi wace pamaso pa ana, m'mawa nati kwa mwana wamwamuna uzilemekeza amako, angotaya malobvu. Ndaona akuru ena a mpingo akulandira mbale kwa mwana ndi dzanja limodzi, maso ali pa lamya, osanena zikomo, ndipo omwewo ndiwo ayamba kudandaula kuti ana a lero alibe mwambo. Pamenepa ndisakhalitsepo, pakuti ndiona ena ayamba kuyang'ana kudenga.

Mnyamata uja sindinampepese caka cimeneco, kapena cotsatira cace. Mphunzitsi wa masiku amenewo sanali kupepesa mwana, ndipo ndinadziuza kuti kuleka kumkwapula kwakwanira. Anatha sukulu yathu napita, ndipo sindinamvenso za iye. Caka ca 2011 ndinali pa depoti ya mabasi muno, ndirikudikira ya ku Karonga, ndi thumba la cimanga limene linandilemera. Munthu wina wa imvi za apa ndi apo, wobvala bwino, anaturuka m'galimoto yonyamula matabwa, nadza kwa ine, nabvula cipewa, nanjuta pansi pa matope paja pamaso pa anthu onse, nati, "Aphunzitsi, mwandiiwala?" Ndinamzindikira ndi kunjutako. Ndinafunsa za agogo ace, ndipo anati anamwalira kale, anakawaika kwao ku Kasungu. Pamenepo ndinamuuza kuti ndinamlakwira caka cija, ndi kuti ndasenza cinthuco zaka 37. Iye anaseka nati za ndodozo sazikumbuka bwino, koma akumbuka kuti agogo atabwera kusukulu tsiku lija anamuuza kuti, "Kuyambira mawa, kusukulu uziima, ukafika pakhomo pano uzinjuta." Ndinafuna kumdzutsa, koma anakana kudzuka kufikira nditakhala pa thumba langa lija. Tinaceza comweco, ine pa thumba, iye pansi, mpaka basi ya ku Karonga inadzaza ndi kundisiya.